Ndinayenda ndi Mawotchi a Okalamba Asanu M'thumba

Abale, mawu anga ndi ochepa. Abusa andipempha katatu kuti ndiime pano, katatu konse ndakana. Lero ndavomera chifukwa ndikaponya maso m'chipinda muno ndikuona kuti ambiri timagwira ntchito imodzi, yosamalira okalamba. Dzenje limene ndinagweramo lilinso kuntchito kwanu. Ena mwaikamo kale phazi.

Dzina langa ndi Yohane Chikaonda, kwathu ndi ku Ntchisi. Sukulu ndinalekezera sitandade 7. Ku London ndinabwera pambuyo pa akazi anga, amene ndi namwino pachipatala chachikulu kuno ku Edmonton. Ine ndinapeza ntchito m'nyumba ya okalamba ku Ilford. Kusambitsa, kuveka, kudyetsa, kunyamula. Zaka zisanu ndi chimodzi popanda mlandu. Kenako ndinathyoletsa munthu chiuno, ndinakhala chidakwa, ndipo ndinafuna kuphwanya mutu wa munthu wakwathu. Ndinena mmene zinayendera.

Nyumba ija inagulidwa ndi kampani ina. Eni atsopano anati si nyumba ya okalambanso, ndi hotela. Okalamba tiziwatcha alendo. Pakhomo anaika mtsuko wagalasi wa madzi oviikamo nkhaka ndi mandimu. Chipinda chimene tinkayanikamo zovala anachisandutsa jimu: njinga zosapita kulikonse, mipira ikuluikulu, magalasi khoma lonse. Anativula mayunifomu n'kutiveka malaya obiriwira ngati operekera zakudya. Tsiku lathunthu anatiphunzitsa kumwetulira. Ine mphunzitsi anandibwereza katatu, kenako anandisiya.

Zina zinali zabwino, sindinama. Chakudya chinayamba kukoma. Agogo amene ankangoyang'ana TV anayamba kuvina ali pampando Lachinayi lililonse, n'kumaseka mpaka kutsokomola.

Kenako kunabwera mawotchi. Mlendo aliyense anamumanga wotchi yakuda pamkono. Wotchiyo imawerenga mapazi amene munthu waponda patsiku, n'kutumiza nambala kufoni ya ana ake ndi kulikulu la kampani. Nyumba za kampaniyo zinkapikisana. Lachisanu lililonse pakhoma ankamata pepala losonyeza nyumba imene yayenda kwambiri.

Woyang'anira zolimbitsa thupi zonsezi anali Felix. Mwana wakwathu, wa ku Blantyre, wophunzira, wa nsapato zoyera. Ena mukumudziwa. Musatembenuke, sali muno. Pamene ankakwatira mkazi wake Chisomo, Felix analibe wachibale kuno, ndiye ine ndinamuimira unkhoswe. Ndinavala suti ya eni, ndinalankhula m'malo mwa amalume ake. Akakangana ndi mkazi wake, ndine ndinkakwera sitima ziwiri ndi basi kupita ku Thamesmead kukawakhazika pansi. Atalembedwa ntchito kwathu n'kukhala bwana wanga, ndinanyadira. Ndinati mwana wanga wakwera.

Mwa anthu amene ndinkawasamalira munali a Harold, mzungu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. Kale ankapaka utoto m'nyumba za anthu. Munthu wa nthabwala. Ankanditcha John. Kuzizira kutangoyamba anadwala chifuwa, anagona sabata ziwiri, ndipo atachira anakana kuyenda. Ankati miyendo ikulemera. Nambala yawo inagwa.

Felix anandipeza m'kolido nditanyamula matawulo.

"Madala, a Harold akutigwetsa," anatero m'Chichewa, motsitsa mawu. "Akulikulu andiimbira kawiri."

"Munthu wadwala. Ndimukoke?"

"Aaa, ndani wanena zokoka? Inuyo mumayenda tsiku lonse, kukwera, kutsika. Mapazi anuwo akungotayika. Ponyani wotchi yawo m'thumba, muwabwezere poweruka. Sabata imodzi basi, apeze mphamvu."

"Si bodza limenelo?"

"Ndi manambala chabe, ankhoswe. Nambala inapha ndani?"

Ndinaponya m'thumba.

Mumvetsetse pamenepa. Chilichonse cha ntchito m'nyumba muja chinkalembedwa m'Chingerezi n'kusainidwa. Zimene Felix sankafuna kuti zidziwike ankandiuza m'Chichewa. Ine ndinkayesa ndi ulemu, kuti akundilankhula monga kholo lake. Iye ankadziwa kuti Chichewa cha m'kolido sichilowa m'fayilo.

Sabata inakhala mwezi. Wotchi imodzi inasanduka mawotchi asanu. Ndinkakwera masitepe ndi okalamba asanu m'thumba la thalauza, eni ake ali khale pamipando yawo. Nyumba yathu inakhala yoyamba. Felix anajambulidwa, nkhope yake inatuluka m'kabuku ka kampani. Ine anandipatsa baji ya wantchito wabwino wa mwezi umenewo. Ndinaivala.

A Harold ankadziwa, ndipo ankakondwa, chifukwa panalibenso wowavutitsa za jimu. Ndikamawamanga wotchi poweruka ankafunsa, "John, lero tayenda mpaka kuti?"

"Mpaka kochapira, bwana. Kakhumi."

"N'chifukwa chake ndatopa. Thira tiyi."

Tinkaseka. Mwana wawo, Susan, amakhala kutali kumpoto. Ankaona nambala pafoni n'kuimba, "Adadi, mukundinyaditsa." Namwino wobwera kudzayendera okalamba ankayang'ana nambala yomweyo n'kudutsa. Koma wowasambitsa ndinali ine. Ndinkaona ndi maso anga miyendo ikuuma ngati mapesi. Ndinkamva pamsana panga kuti kuchoka pabedi kufika pampando akunditsamira ndi thupi lonse. Sindinalembe. Ndikanalemba, pepala langa likanatsutsana ndi nambala, ndipo nambalayo inali miyendo yanga. Ndinakhala chete miyezi inayi.

Linafika tsiku la alendo, pamene anthu ofuna kubweretsa makolo awo amadzaona malo. Maluwa, makeke, nyimbo. Manijala wamkulu, mayi wachizungu amene sankadziwa kanthu, anaganiza zopereka satifiketi kwa woyenda kuposa onse. Anaitana dzina la a Harold, kuti abwere kutsogolo alendo awaone. Susan anali pomwepo, foni ili m'mwamba, akujambula. Ndinayang'ana Felix. Felix ankaomba m'manja.

A Harold anachita manyazi kukana pamaso pa mwana wawo. Anagwira mpando, anaimirira. Phazi loyamba. Lachiwiri. Lachitatu silinafike pansi bwino. Kuthyoka kwa fupa la m'chiuno ndinakumva ndili kukhomo.

Kuchipatala madokotala anauza Susan kuti miyendo imeneyi sinayende kwa miyezi. Susan anawaonetsa foni. Mafunso anayambira pamenepo. Ndipo ine ndinali nditadzitchera ndekha msampha. Loweruka lina ndinaiwala wotchi ya a Harold m'thumba n'kupita nayo kunyumba. Kani imasonyezanso malo. Lamlungu limenelo a Harold anazungulira msika wa Edmonton Green, anabwera ngakhale kutchalitchi kuno.

Anandiitana muofesi. Munali manijala, munthu wa kulikulu, ndi Felix atagwira cholembera. Ndinati Felix ndiye anandituma. Felix anandiyang'ana m'maso n'kuyankha m'Chingerezi chosalala.

"Ndakhumudwa kwambiri. Munthuyu ndinkamulemekeza ngati bambo anga. Ali ndi umboni uliwonse wolembedwa?"

Ndinamulankhula m'Chichewa. "Felix. Ndine."

"Chonde tilankhule chinenero chimene onse akumva," anatero.

Anandifunsa kuti ndinachita kangati. Ndinanama. Ndinati wotchi imodzi, masiku ochepa. Ndinaopa kuti ndikatchula asanu ndadzimangira chingwe. Ntchito inatha tsiku lomwelo. Patapita milungu kunabwera kalata yochokera kuofesi ya boma imene imasunga mndandanda wa anthu oletsedwa kugwira ntchito ndi okalamba ndi ana. Ankaganiza zondilowetsamo, ndipo anandipatsa nthawi yoti ndiyankhe. Tanthauzo lake mukulidziwa. Dzina likalowa mmenemo, ntchito yokhayo imene ndimaidziwa m'dziko lino yatha.

Sindinayankhe. Kalatayo ndinaiika pansi pa TV, ndinayamba kumwa.

Poyamba chitini chimodzi akazi anga akapita kuntchito. Kenako zinayi. Kenako pabenchi ya pamsika kuyambira m'mawa, ndi anthu osadziwa dzina langa. Kutchalitchi ndinasiya, chifukwa Felix ankaimba kutsogolo manja ali m'mwamba. Tsiku lina masana ndinagona m'basi, dalaivala anandidzutsa kumapeto kwa ulendo nditadzikodzera. Ine, amene ndinkasintha matewera a anthu. Akazi anga anachapa thalauzalo osanena kanthu. Bola akanatukwana.

Ndikadzuka, Felix. Ndikamadya, Felix. Ndinapemphera kuti athyoke pamene anathyoka a Harold, agone pabedi, asowe womutembenuza. Ndinaimbira mphwanga kumudzi kuti andifunire sing'anga. Anaseka. Anati, "Achimwene, mankhwala a ku Ntchisi alibe viza." Kawiri ndinakaima tsidya la msewu ku Ilford n'kumamuona akutsika m'galimoto, botolo lili m'manja mwanga, ndikuyeza mtunda wa pakati pa botolo ndi nkhongo yake. Anamupulumutsa ndi makamera a m'misewu ya kuno. Mtima wanga sunamupulumutse.

Kenako ndinakumbukira kuti ndili ndi chida choposa botolo. Nkhoswe amasunga zinthu. Felix anandiululira chinthu china chimene anachita ali patchuthi kumudzi, ali kale pabanja, chimene Chisomo sankachidziwa. Sindichitchula pano. Ndinati iye wandithyola kuntchito, ine ndimuthyola kunyumba.

Linali Loweruka masana. Ndinkadziwa kuti Felix ali kuntchito. Ndinamwa zitini ziwiri zolimbitsira mtima, ndinavala jekete, ndinakwera sitima ziwiri ndi basi. Njira yonse ndinkayeseza mawu. Ndinkafuna kuti Felix akamabwera apeze masutikesi pakhomo. Ndinkaiona nkhope yake, ndipo inkandikomera.

Chisomo anatsegula chitseko ali ndi mwana kumsana. Anadabwa, koma anandilowetsa. Anandikhazika pampando wa mwamuna wake. Anagwada monga ankachitira nthawi zonse, anandipatsa moni wa manja awiri, anafunsa za amayi kunyumba. Anapita kukhitchini n'kubwera ndi tiyi ndi buledi. Anaika patsogolo panga, iye anakhala pansi pakapeti.

"Mwasowa, ankhoswe."

"Ndabwera ndi mawu."

Anandiyang'ana. Fungo analimva, ndikudziwa.

"Mawuwo ndi anu, kapena ndi a m'chitini?"

"Ndi okhudza mwamuna wako. Pali zimene sudziwa."

Chisomo anamasula mwana, anamugoneka pampando, anamufunditsa chitenje. Sanafulumire. Ine mawu anali atafika kale pamlomo, ndinkangodikira atembenuke.

"Bambo, dikirani," anatero. "Musananene ndikufunseni. Zimenezo munazimva ngati nkhoswe?"

"Eya."

"Ndiye anakusungitsani, si zanu. Mukanaona kuti ndiyenera kudziwa, mukanabwera kalekale, osamwa, pamodzi ndi ankhoswe a mbali yanga. Lero simunabwere kudzandithandiza. Mwabwera kudzabaya ine kuti iye amve kupweteka. Ineyo ndinakulakwirani chiyani?"

Ndinayang'ana tiyi.

"Felix anakulakwirani, ndikudziwa," anapitiriza. "Sanandiuze, koma ndimakhala naye. Dzina lanu likatchulidwa amatuluka m'chipinda. Ngati mukufuna kumugwetsa, mugwetsereni komwe anakugwetserani. Sindikuletsani."

Anandikankhira mbale ya buledi. Kenako anafunsa ngati akungocheza.

"Nanga agogo aja ali bwanji?"

"Agogo ati?"

"Amene anathyoka aja."

Abale, sindinkadziwa. Miyezi itatu ndinaganiza za Felix tsiku lililonse. A Harold sindinawaganize ngakhale kamodzi. Munthu amene ndinamusambitsa zaka zinayi, sindinkadziwa ngati ali moyo. Ndinkayenda m'misewu ngati wothyoka ndi ine.

Ndinamwa tiyi yense uja chifukwa manja ankafuna chogwira. Ndinadya ndi buledi yemwe. Mwana anadzuka, anandiyang'ana, anagonanso. Ndinaimirira. Chisomo anandiperekeza mpaka pasiteji ya basi. Basi itafika anangoti, "Muwapatse moni amayi." Mawu amene ndinapita nawo ndinabwerera nawo.

Lamlungu sindinamwe. Manja ananjenjemera tsiku lonse. Ndinauza akazi anga zonse, ndi za mawotchi asanu zomwe. Anali akusita yunifomu. Anaimika simbi.

"Asanu? Bambo a Tadala, anthu asanu?"

"Asanu."

"Ine ndakhala ndikukangana ndi anthu kuti inali imodzi, kuti mwamuna wanga anangoiwala." Anasolola kalata ija pansi pa TV. Kani ankadziwa pamene inali. Anawerenga tsiku. "Kwatsala masiku asanu ndi anayi. Mawa muyambe ndi adokotala, za mowawu. Mmene mwamweramu simungasiye nokha mwadzidzidzi, mungayambe kukomoka. Mukachoka kumeneko mukafune agogowo."

Ndinatero. Adokotala anandipatsa ndondomeko yosiyira n'kunditumiza kugulu la osiya mowa. A Harold anali atawasamutsira kunyumba ina ya odwala kwambiri, ku Ilford komweko. Sindinangolowa. Akazi anga anandilembera uthenga, mnzanga wakuntchito anaupereka kwa Susan. Unali waufupi: ndikufuna kunena zonse. Yankho linali lalifupi kuposa: Lachinayi, 2 koloko.

Ndinawapeza a Harold pampando wamatayala pafupi ndi zenera, atachepa ngati mwana. Susan anaima kumbuyo kwawo atapinda manja. Mpando sanandipatse. Ndinanena chilili, m'Chingerezi changa chothyokathyoka. Miyezi inayi. Mawotchi asanu. Kuti ndinkaona miyendo ikutha koma sindinalembe. Kuti anandituma ndi Felix. Kuti muofesi ndinanama.

"Ndinkakuthokoza pafoni," anatero Susan. "Pa Khirisimasi ndinakutumizira chokoleti."

"Ndinadya," ndinatero.

"Ndiye ukufuna ndikhulupirire kuti unatumidwa? Umboni uli kuti?"

"Palibe."

A Harold anakweza chala. "John, wamuuza za Lachiwiri?"

"Lachiwiri ndinkapuma, bwana."

"Ndi zimenezo. Lachiwiri wotchi inkatengedwa ndi uja wa nsapato zoyera. Iwe unkandiyendetsa. Iye ankandithamangitsa. Ndinamuuza kuti pamsinkhu wanga n'zosayenera."

"Adadi! Bwanji simunanene?"

"Anandifunsa ndani? Anabwera ndi mapepala. Anafunsa wotchi, anafunsa foni yako. Ine anangondifunsa ngati ndadya."

Susan anatsegula foni. Anabwerera m'mbuyo, Lachiwiri ndi Lachiwiri. Ine ndinamuonetsa zithunzi za pepala la mashifiti, zimene ndinkajambula mwezi ndi mwezi kuti ndisasokoneze masiku. Lachiwiri lililonse kwa miyezi inayi ine kunalibe. Ndipo Lachiwiri lililonse a Harold ankathamanga theka la ola masana, nthawi imene Felix ankakwera makina othamangirapo mu jimu.

Ndikuuzeni zoona. Mtima wanga unavina. Sunavine chifukwa choonadi chaoneka. Unavina chifukwa ndinaona khosi la Felix.

Susan anaona nkhope yanga. "Usamwetulire," anatero. "Sindikuchitira iwe."

M'mawa mwake ndinapita kuofesi imene amathandiza anthu pa zamalamulo mosalipira, kuti andithandize kuyankha kalata ya boma ija. Mayi wina anakhala nane maola awiri. Anandiuza poyera kuti ndikatchula asanu, akhoza kundiletsa ntchito chifukwa cha asanuwo. Anandifunsa ngati ndamva. Ndinati ndamva, lembani. Popanda asanuwo Felix akanati inali nthabwala ya tsiku limodzi. Ndinafuna agwe, ngakhale tigwere limodzi. Ndinatchula mayina onse. Iye analemba, anandiwerengera pang'onopang'ono, ndinasaina. Ilo linali pepala loyamba m'dziko lino limene ndinasaina nditamva mawu aliwonse.

Susan anatengera nkhaniyo kukhonsolo. Anayambanso kufufuza. Anaika manambala a anthu asanu aja pamodzi, n'kupeza kuti ankakwera limodzi, kutsika limodzi, ndipo Lachiwiri onse asanu ankathamanga limodzi, ndi gogo wa ndodo ziwiri yemwe. Anayi otsalawo anawayeza. Awiri miyendo inali itayamba kale kutha, anawayambitsa mafizo asanagwe.

Felix anandiimbira. Ulendo uno m'Chichewa.

"Ankhoswe, tikambirane ngati anthu. Ndili ndi mwana wamng'ono."

Ndinamuyankha m'Chingerezi. "Chonde lemba kalata." Ndinadula.

Anamuchotsa ntchito. Tsiku limenelo ndinadya mbale ziwiri. Abusa akuti n'tchimo kukondwera mnzako akagwa. Mwina n'zoona. Ine ndikunena zimene zinachitika. Kukhululuka sindinafikepo, ndipo sindinama pamaso panu kuti ndafika. Felix anasamukira kutchalitchi china. Chisomo ndimakumana naye kumaliro ndi kumaukwati, amandipatsabe moni wa manja awiri. Chimene ndinasungitsidwa ndikusungabe. Masiku ena chimandiyabwa pakamwa. Ndimameza.

Yankho la ofesi ya boma ija linatenga miyezi isanu. M'miyezi imeneyo ndinkatsuka mapoto m'khitchini ya malo ena odyera. Lachitatu lililonse ndinkapita kugulu lija, kukhala pakati pa anthu osawadziwa n'kutchula dzina langa. Ndinagwa kamodzi, mwezi wachiwiri, nditaona galimoto yofanana ndi ya Felix. Zitini zitatu. Ndinawauza akazi anga tsiku lomwelo, ndinayambiranso kuwerenga masiku. Benchi ya pamsika ndimailambalala mpaka lero, ndimadzera kumbuyo kwa masitolo.

Kalata itabwera sindinaitsegule. Ndinaiika patebulo, ndinadikira akazi anga aweruke. Anawerenga kawiri, jekete asanavule. Dzina langa sanalilowetse mumndandanda uja. Analemba kuti ndinalakwa kwambiri, koma ndinaulula ndekha zimene iwo sankazidziwa, ndipo anthu ena anathandizidwa chifukwa cha zimenezo. Akazi anga anakhala pansi n'kulira. Ine ndinapita kukatsuka mbale.

Pofuna ntchito ndinkayamba ndekha kunena nkhaniyi asanafunse. Malo awiri anandikana. Achitatu, kanyumba kakang'ono ka okalamba kuno kumpoto, ananditenga. Nakonso kali ndi zake zatsopano, kuvina kwa pampando, madzi a mandimu. Sindidana nazo. Jimu si yoipa. Wotchi si yoipa. Wokalamba ayende, ndi mankhwala. Koma ayende ndi miyendo yake. Pali gogo wina amene ndimamugwira mkono kuchoka pabedi kufika pazenera. Mapazi khumi ndi awiri, mphindi zisanu, akunditukwana njira yonse. Ndimalemba khumi ndi awiri. Tsiku limene wakana ndimalemba kuti wakana, ndipo ndimauza namwino.

A Harold sanayendenso. Zimenezo palibe kalata ingazisinthe.

Kwa ena a inu si wotchi. Ndi pepala la madzi, limene mumachonga kuti wamwa makapu asanu ndi imodzi pamene kapu yoyamba ili yodzaza patebulo. Ndi pepala lotembenuza wodwala pabedi, limene mumadzaza lonse nthawi imodzi poweruka. Wina anakuuzani kuti onse amatero. Mwina ndi wakwathu, mumadya naye limodzi, mumaopa kumuchititsa manyazi. Tsiku loipa likadzafika, papepalapo padzakhala dzina lanu lokha. Siyani mawa lomwe. Zimene munachita kale, kazineneni nokha asanakupezeni, ndipo mukanene zonse. Ngati mwayamba kumwa kuti muiwale, uzani wapanyumba, mukaone adokotala.

Lolemba ndilibe shifiti. Ofesi ya zamalamulo ija amatsegula 9 koloko, ndipo mzere umatalika. Ndidzaima pasiteji ya basi ya pamsika kuyambira 8. Sindidzakufunsani kanthu, sindidzauza munthu. Mudzangoima pafupi nane, basi ikabwera tikwere.